Impresora Yomwe Inkakana Kusindikiza A Diretori Akachoka

Pa zonse zimene anthu andinenapo pamoyo wanga, chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti ndine wabodza. Kuti ndine waukali, eee, ndimavomera. Kuti sindichedwa kuyankha akuluakulu, amayi anga omwe ankanena zimenezo ndili kamtsikana. Koma bodza ayi. Ndipo amene anandipatsa dzina limeneli si munthu, koma impresora, makina osindikizira mapepala amene tinali nawo mu ofesi ya sukulu yathu.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito ku seketariya pa sukulu ina ya m'mphepete mwa nyanja, kuno kwathu ku Lago. Ntchito yanga inali ya mapepala: makalata, ziphaso za ana osamukira kwina, ndi mapauta, mapepala aja a zotsatira za mayeso amene timamata pakhoma chaka chikatha. Ndinkachokera ku Chiwanga panjinga m'mawa uliwonse, nsapato za kuntchito zili m'thumba, chifukwa mchenga wa kwathu suchitira nsapato ulemu.

Makinawo anabwera chaka changa chachiwiri pantchitopo. Kunafika katswiri wochokera ku Lichinga, ndipo anakhala tsiku limodzi lokha. Anaika kompyuta yaikulu pansi pa tebulo langa n'kunena kuti imeneyi ndi servidori, yosunga zonse, ndipo pepala lililonse lopita ku impresora lizidzera mmenemo. Pakhoma anakhomapo kabokosi ka tinyali tophethira kamene ankakatchula kuti rauta, ndipo kuchokera pamenepo anayala mawaya: wina ku ofesi ya mkulu wa sukulu amene tinkawatchula a diretori, wina ku impresora, wina ku kompyuta yanga, wina ku chipinda cha aphunzitsi. Zolumikiza mafoni popanda waya a diretori anati zitsekedwe, aphunzitsi angamatherepo tsiku. Katswiriyo anasindikiza pepala limodzi, tonse tinaomba m'manja, iye n'kukwera galimoto. Popeza ndinali nditaphunzirako za kompyuta miyezi itatu ku Lichinga konko, a diretori anati makinawo ali m'manja mwanga. Ndinanyada, ndisabise. Kutchalitchi ndinauza aliyense, wofuna kumva ndi wosafuna yemwe.

Masabata oyambirira zonse zinali bwino. Vuto linayamba tsiku limene a diretori anapita ku msonkhano ku Lichinga.

Kunabwera abambo ena a ku Maniamba, alimi a chimanga ndi chinangwa, kudzatenga chiphaso cha mwana wawo wamkazi amene ankasamukira kwa azakhali ake. Anatsika chitunda cha kwawoko pa lole m'mamawa, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze. Ndinawapatsa mpando, ndinalemba chiphasocho pakompyuta, n'kutumiza ku impresora. Zii. Ndinatumizanso. Zii. Kanyali ka impresora kali kobiriwira bwinobwino, mapepala alimo, inki ilimo, koma pakompyuta akuti impresora sikupezeka. Sikupezeka bwanji ine ndikuiona ndi maso angawa, yadzaza tebulo lonse? Wosainira analipo, wachiwiri wa a diretori, koma akanasaina pati popanda pepala? Cholemba pamanja kumene mwanayo ankapita sakanachilandira. Ndinazimitsa, ndinayatsa, ndinazula waya n'kumuuzira, n'kumubwezera. Abambowo ankangondiyang'ana, chipewa chili pabondo. Dzuwa litapendeka ananyamuka kuti lole ingawasiye, n'kunena kuti adzabweranso. Sanakalipe n'komwe, ndipo akanakalipa mwina bola.

Anabweradi patapita masiku atatu, n'kupeza a diretori alipo. Analowa kwa iwo kukadandaula mwaulemu kuti uno ndi ulendo wachiwiri. A diretori anatuluka, anaima kumbuyo kwa mpando wanga, n'kundiuza kuti nditumize chiphasocho iwo akuona. Ndinatumiza. Impresora inatsokomola kamodzi, pepala n'kutuluka, lofunda bwinobwino. A diretori anandiyang'ana, abambo a ku Maniamba anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi.

Ndinadzitonthoza kuti makina amatero. Koma mwezi wotsatira a diretori atachokanso, impresora inakana masiku onse awiri, n'kudzagwira ntchito m'mawa umene iwo anabwerera. Ulendo wachitatu chimodzimodzi. Aphunzitsi anayamba kundiseka. Mphunzitsi wa masamu, munthu wa nthabwala zosatha, ankati impresora yathu ndi mkazi wokhulupirika, mwamuna akachoka salankhula ndi munthu. Wina anati tizikoleka jekete la a diretori pampando kuti izipusitsika. Ine ndinkaseka nawo ndi mano okha.

A diretori sankaseka. Anali munthu wamtali, wosalankhulalankhula, wokonda ntchito yake, ndipo sindinganene kuti anali woipa mtima. Koma zimene ankaona ndi izi: iwo akachoka ntchito ya ku seketariya imaima, chifukwa chake chimakhala chomwecho nthawi zonse, ndipo chifukwacho chimatha iwo akangoponda pakhomo. Inuyo mukanaganiza chiyani? Kuwonjezera apo ndinali ndi kamlandu kanga kenikeni. Tsiku lina iwo kulibe, impresora itakana kale, mitambo inada chakumasana, ndipo ndinatseka ofesi msanga n'kupalasira ku Chiwanga kukathandiza amayi anga kuanula usipa pa mathandala mvula isanagwe. Wina anandiona nditasenza dengu nthawi ya ntchito. Amene anakanena sindimudziwa mpaka lero, ngakhale ndili ndi womuganizira.

Lolemba lake a diretori anandiitanira mu ofesi yawo n'kutseka chitseko.

"Mayi, pawiri pawiri sipauzirika," anatero. "Makina awa ine sanandikanepo. Ndikachoka inu mumapita ku usipa, kenako n'kunamizira impresora. Ndikadzachokanso n'kumva zomwezi, ndidzalemba kalata ku boma kuti akusamutsireni ku Lunho, kumene kulibe makina oti muziwanamizira."

Ku Lunho kukanandivuta, msewu wake nthawi ya mvula munthu umaiwala kuti uli ndi kwanu, ndipo amayi anga okalamba ndikanawasiya okha. Koma chimene chinandibaya ndi mawu aja akuti kunamizira. Malemu atate anga anali msodzi komanso wowerenga mawu kutchalitchi kwathu, ndipo m'nyumba mwathu ukanatha kuswa mbale kapena kung'amba ukonde n'kukhululukidwa, koma ukanama unkagona ndi njala. Ndiye mtima unandipsa. Ndinawauza kuti ngati impresora imawakonda choncho, aziinyamula popita ku Lichinga. Ndinatuluka n'kumenyetsa chitseko mpaka fumbi kugwa padenga. Za chitsekocho ndimachita nazo manyazi mpaka lero, koma mawuwo ndikawakumbukira ndimaseka.

Kuyambira tsiku limenelo ndinaimba nayo nyimbo impresora ija. Ndinaimbira foni katswiri wa ku Lichinga. Anandifunsa ngati yayaka, ngati muli mapepala, ngati lero ikusindikiza. Nditati lero ikusindikiza chifukwa a diretori alipo, anaseka mpaka kutsamwa, n'kundiuza kuti ndidzaimbe tsiku limene yakana. Masiku amene inkakana ndinali nditamuimbira kale kangapo, foni osayankha. Ndinasinthanitsa mawaya, ndinapukuta mabowo ake onse, ndinaichotsa impresora mu servidori n'kuilowetsanso. Koma ungakonze bwanji chinthu chimene pa tsikulo chili bwinobwino? Zonse zimene ndinkachita zinkaoneka kuti zatheka, ndipo ndinalibe podziwira.

Mapeto ake ndinakafukula kope langa la maphunziro aja m'katoni ya pansi pa bedi, makoswe atadya ngodya imodzi. Ndinaliwerenga ndili pakhonde Loweruka masana, tsamba ndi tsamba, ndipo ndinapeza zimene ndinalemba ndekha n'kuziiwala. Makina aliwonse olumikizidwa pa mawaya amenewa amakhala ndi nambala yawoyawo, ndipo anzake amawapeza potsata nambalayo. Mmunsi mwake ndinali nditalemba kuti impresora imatha kutulutsa yokha pepala lonena nambala yake, popanda kompyuta, ukangodina mabatani ake. Lolemba ndinayesa. Linatuluka pepala lodzaza Chingerezi, koma manambala alibe chilankhulo. Nambala ya impresora inkathera ndi 101. Ndinalowa mu servidori kukaona kumene imatumiza mapepala, n'kupeza kuti ndi ku 101 komweko. Zonse zinali m'malo mwake, monga zinkakhalira nthawi zonse a diretori akalipo. Pepalalo ndinalipinda n'kuliika m'kope.

Mwayi unabwera ndi maliro, Mulungu andikhululukire potero. Wachibale wa a diretori anamwalira kumtunda, ndipo iwo ananyamuka m'bandakucha kukakhalako tsiku limodzi. Ndinafika ku ofesi mtima uli m'mwamba kuti wina angabwere kudzafuna chiphaso, koma tsiku limenelo sikunabwere munthu. Ndinatumiza pepala loyesera. Zii, monga mwa masiku onse. Ndinadina mabatani aja, pepala la manambala n'kutuluka. Nambala inali 100.

Ndinayala mapepala awiriwo patebulo moyandikana, n'kumayang'ana ili, kuyang'ana ilo. Impresora inali itasamuka, servidori ikugogodabe pakhomo lakale. Nanga pa 101 pali ndani lero? Nditafufuza ndinapeza kuti ndi kompyuta yanga yomwe. Miyezi yonseyi, a diretori akachoka, servidori inkatenga mapepala anga n'kumawabweza kwa ine ndemwe, ine ndili piringupiringu kuuzira mawaya. Ndinatukwana, sindikana, mwamwayi munalibe ana pafupi.

Chochitika ndinali nditachidziwa, koma chochititsa ayi. M'mawa mwake a diretori atabwera, impresora inabwerera pa 101 yokha. Ndani ankaisamutsa? Amati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha si mphatso yanga, koma ulendo umenewu ndinakhala pansi n'kuganiza. Ine ndikamafika m'mawa ndinkapeza makina onse atayaka kale. Ndiye kuti chilichonse chimene chinkachitika, chinkachitika ine ndisanafike, ndipo munthu amene ankafika ine ndisanafike anali mmodzi yekha.

Pasukulupo panali mayi wachikulire wosesa m'maofesi, wochokera ku Maniamba, amene tonse tinkangowatchula kuti amama. Anayamba ntchito pamenepo ena tonsefe tisanabwere. Makina atangofika, a diretori anawalamula kuti poweruka azizula zonse kumagetsi, poopa mphenzi ndi magetsi athu aja othimathima, ndipo m'mawa aziyatsa zonse tisanafike. Amama ankachita zimenezi osaphonya ndi tsiku limodzi lomwe. Ndinaganiza zokawaonerera. Ndinanyamuka kunyumba sinku ora, ndiye kuti faifi koloko m'mawa, asodzi akukocheza kumene, ndipo ndinafika amama akuchokera kunyumba kwa a diretori kuseri kwa sukulu, kumene ankakatenga makiyi a ofesi yawo m'mawa uliwonse. Anadabwa kundiona, n'kufunsa ngati kunyumba kwagwa zovuta. Ndinati ayi, ndangolawirira, apitirize ntchito yawo.

Anayamba ndi kuyatsa rauta ya pakhoma ija ndi servidori, poti katswiri ananena kuti zimenezo zizikhala zoyamba. Iwo ankati kumeneko n'kukoleza moto chabe. Kenako anadutsa impresora, imene inali pafupi penipeni ndi khomo, anadutsanso kompyuta yanga, n'kukatsegula ofesi ya a diretori. Anayatsa kompyuta ya mmenemo, n'kuyamba kusesa pang'onopang'ono akuiyang'anitsitsa mpaka itawala yonse. Pamenepo m'pamene anabwerera kudzayatsa impresora, kupukuta matebulo, kuyatsa yanga, n'kumalizira ya aphunzitsi.

Ndinawafunsa chifukwa chimene sayambira ndi impresora, poti ndiyo ili pafupi. Anandiyang'ana ngati mwana wosaleredwa.

"Mwanawe, kwanu ku Chiwanga madzi osamba m'manja mumayambira ana, akulu ali pomwepo? Ya a diretori idzuke kaye, itsegule maso, kenako zinazi."

Ndinafunsa kuti nanga a diretori akachoka amatani. Anati iwo akachoka amapita ndi makiyi awo, ndiye kompyuta yawo imagona mpaka atabwera. Pamenepo amayamba ndi impresora, popeza pa zotsalazo ndiyo yaikulu thupi, kenako yanga.

Ndinakhala pansi, pa simenti penipeni, n'kuseka mpaka misozi. Amama anaganiza kuti ndadwala mutu. Koma zonse zinali zitaonekera poyera. Kabokosi ka pakhoma kaja kakathimitsidwa kankaiwala zonse, ndipo m'mawa kankagawa manambala mwatsopano potsata amene wayamba kudzuka, ngati mathandala a gulu kugombe kwathu, amene wofika msanga amatenga la pafupi. Servidori yokha ndiyo katswiri anaipatsa nambala yokhazikika. A diretori akalipo, kompyuta yawo inkatenga 100, impresora 101, ndipo zonse zinkayenda. Akachoka, impresora inkakhala yoyamba n'kutenga 100, yanga n'kulowa pa 101. Panalibe ufiti, panalibe ulesi. Unali ulemu wa amama basi, ndi katswiri wothamangira galimoto amene sanaipatse impresora nambala yakeyake.

Kukonza kwake kunali m'kope langa momwemo, ntchito ya kanthawi kochepa. Ndikanatha kuichita m'mawa womwewo a diretori asanamwe tiyi. Dzanja linafika pa mabatani, koma ndinalibweza. Ndikanakonza mwakachetechete, ulendo wotsatira impresora ikanagwira ntchito iwo kulibe, ndipo iwo akanati chiyani? Akanati mwaona, ndangomuopseza ndi Lunho mayi uja wasiya kunama. Ku Lunho sindikanapita, koma ndikanakhala wabodza wolapa mpaka kalekale. Zimenezo ndinakana. Ndinkafuna kuti impresora iwakanire iwo eni ake, ataima pomwepo.

Nditawafotokozera amama, nkhope yawo inagwa. Anati a diretori akamva kuti vuto lili pa kayatsidwe, adzanena kuti iwo ndi amene akhala akuononga makina a boma, ndipo pa msinkhu wawowu ntchito ina akaipeza kuti? Ndinawauza kuti sanalakwe kanthu, ndipo a diretori akawaloza chala, ku Lunho tipitira limodzi, iwo azikasesa ine ndizikalemba pamanja. Anaseka pang'ono, koma mantha sanawachoke.

Madzulo ake ndinagogoda kwa a diretori. Ndinapepesa za chitseko chija, za chitseko chokha. Kenako ndinawapempha chinthu chimodzi, kuti mawa makiyi asawapatse amama, abwere nawo okha sete ora, seveni koloko, ndipo ofesi yawo asaitsegule mpaka nditawaonetsa kanthu. Wamkulu sauzidwa, ndipo ndinasamala kuti ndisawauze kanthu. Anati chabwino, koma ndisawatayitse nthawi.

M'mawa mwake anafika pa nthawi yake, makiyi ali m'thumba. Amama anali atayatsa impresora, yanga ndi ya aphunzitsi monga amachitira iwo kukakhala kulibe, ndipo tsopano anali atagwira tsache pakona, osasesa. Aphunzitsi awiri atatu ananunkhiza kuti kuli nkhani, n'kuima pazenera. Ndinawapatsa a diretori mpando wanga ndi kuwapempha kuti atumize okha pepala lililonse limene angakonde. Anakhala pansi, anavala magalasi, anasankha kalata ina n'kutumiza.

Zii.

Anatumizanso. Anadzuka kukasuzumira ngati muli mapepala. Anagwedeza waya, ndipo ndikulumbira, anamuzula n'kumuuzira ngati mmene ndinkachitira ine. Anabwerera pampando n'kutumiza kachitatu. Pakompyuta panalembedwa mawu aja amene ndinkawadziwa ngati dzina langa, akuti impresora sikupezeka. Pazenera mphunzitsi wa masamu ananong'ona kuti banja latha, ndipo wina anathawira kuseri kukaseka. Ine sindinaseke. Mtima wanga unkavina, koma nkhope ndinaiumitsa gwa.

Kenako ndinapempha amama kuti azimitse zonse, alandire makiyi, ayatse monga amayatsira masiku onse. Tinadikira kompyuta ya a diretori idzuke, itsegule maso, kenako zinazo. A diretori anatumiza kalata yomwe ija, ndipo inatuluka nthawi yomweyo. Ndinawayalira mapepala anga awiri a manambala, la 100 ndi la 101, n'kufotokoza za kabokosi koiwalaiwala. Anamvetsera osandidula. Nditamaliza anatembenukira kwa amama.

"Ndiye kuti wolakwa ndani?" anafunsa.

"Palibe amene ali m'chipinda muno, bwana," ndinatero. "Amama amakupatsani ulemu wanu. Anaiwala ntchito yake ndi amene anaika makinawa, ndipo ine ndikonza pompano."

Ndinapita pa impresora n'kuyamba kudina mabatani ake ang'onoang'ono aja, kuiuza kuti isiye kupempha nambala kwa kabokosi, ikhale ndi yakeyake. Ndinasankha 50, kutali ndi kumene kabokosi kamayambira kugawa, kuti wina asadzaikhalire. Nditamaliza ndinatumiza pepala loyesera monyadira, ndipo mayo ine, zii. A diretori anavula magalasi. Kwa kanthawi mutu unaima. Kenako ndinakumbukira kuti impresora ndaisamutsa koma servidori sindinaiuze, ikugogodabe pa 101. Chinthu chomwecho chimene ndinali nditangofotokoza ngati mphunzitsi, ndinachichita ndekha anthu akuona. Ndinalowa mu servidori, ndinafufuta 101, ndinalemba 50, n'kutumizanso. Pepala linatuluka. Tinazimitsa zonse, tinayatsa popanda ya a diretori, linatulukanso.

Ndinaima pamenepo kudikira. Ndinkadziwa mawu amene ndinkawadikira. A diretori anapinda magalasi, anawaika m'thumba la malaya, n'kunena kuti, "Tiona." Basi. Analowa mu ofesi yawo n'kutseka.

Tiona! Tsiku limenelo ndinapalasa njinga mwaukali mpaka tcheni kuvuka kawiri. Amayi anga anandiuza kuti munthu wamkulu sameza malovu ake pagulu, ndimupatse nthawi. Ndinati nthawiyo ine anandipatsa liti? Masabata otsatira tinkapatsana moni wa ntchito, mapepala ankatuluka, koma nkhani ija inali ili pakati pathu. Iwo sanachoke, ndiye panalibe chotsimikizira kanthu. Kalata ya ku Lunho sanaitchulenso, koma sananenenso kuti yatha.

Anadzachoka pa nthawi yoipitsitsa. Mayeso atatha, aphunzitsi atapereka zotsatira zonse, sabata yomata mapauta, kunabwera uthenga woti a diretori a masukulu onse akufunika ku Lichinga masiku atatu. Tsiku lomata linali litalengezedwa kale m'matchalitchi ndi m'misika. Ana ndi makolo anali oti abwera kuchokera m'magombe onse, ena kutsika kuchokera ku Maniamba. Ponyamuka a diretori anakhoma ofesi yawo, anaika makiyi m'thumba, anandiyang'ana ngati akufuna kunena kanthu, koma anangoti titsale bwino.

Tsikulo ndinafika limodzi ndi amama. Anthu anali atayamba kale kusonkhana pansi pa mtengo wa mango, ena atakhala pa njinga zawo, amayi atayala zitenje. Kunkatentha kale ngakhale kunali m'mawa. Amama anafunsa kuti ayambe ndi iti. Ndinawauza kuti lero ndiyatsa ndekha, ndipo ndinayambira dala ya aphunzitsi, kenako yanga, impresora pomalizira penipeni. Amama anagwira pakamwa poona mwano woterowo.

Ndinatsegula mapauta a kalasi yoyamba. Ndinkadziwa kuti ndinakonza, ndinali nditayesa kambirimbiri, komabe chala chinazengereza. Ndinadina. Panapita kanthawi kaja kamene impresora imakhala ngati ikuganiza. Kenako inatsokomola n'kuyamba kukoka pepala. Loyamba, lachiwiri, lachitatu. Amama anaombera m'manja pang'onopang'ono ngati ali m'tchalitchi. Ndinatumiza makalasi onse motsatizana, wachiwiri wa a diretori akusaina, aphunzitsi akutenga n'kukamata pakhoma, ndipo panja tinayamba kumva phokoso la ana, ena kukuwa ndi chimwemwe, ena kulira. Kunyada kumene ndinamva m'mawa umenewo sindinakumvepo pa ntchito ina iliyonse. Palibe katswiri amene anabwera. Ndinali ine, kope lodyedwa ndi makoswe, ndi kulawirira kwa tsiku limodzi.

Cha m'ma dezi ora, teni koloko, foni yanga inalira. Anali a diretori. Kumbuyo kwawo kunkamveka anthu ambiri, ndiye kuti anatuluka mu msonkhano kuti aimbe. Sanapereke ndi moni womwe.

"Mayi, mapauta aja zili bwanji kumeneko?"

Impresora inali pakati pa kalasi yaikulu kwambiri, ikukoka ndi kulavula mapepala osapuma. Ndinadzuka, ndinapita pomwepo, n'kuigunditsa foni pa chivundikiro chake. Ndinaigwira choncho mapepala khumi kapena kuposa. Nditatero ndinaibwezera kukhutu.

"Ndamva," anatero kenako, mawu ali pansi. "Simunaname, mayi. Ndinakulakwirani. Pepani."

Misozi inangotsika yokha, amama akundiyang'ana. Ndinati zikomo bwana, ndamva nanenso. Kenako ndinawauza kuti ndidula foni, chifukwa mapepala atha mu impresora ndipo anthu a makalasi awiri akudikirabe panja.